A Dontho ndi Makilomita 14

Alamu anga anayendetsa galimoto zaka makumi anayi osagundapo ngakhale nkhuku. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pali anthu ena, obadwa dzulodzuloli, amene akufalitsa zoti mkuluyu anachoka pa ntchito poti maso anali atayamba kuchita nkhungu. Bodza lenileni. Maso awo amaona nyerere ili kutsidya kwa msewu. Ine ndinalipo tsikulo, ndinakhala pampando wa pambali pawo, ndipo sindilola kuti nkhaniyi izikambidwa ndi anthu amene kunalibe.

Ndi mwamuna wa malemu mlongo wanga. Dzina lawo la m'mapepala amalidziwa ndi ochepa, tauni yonse imangoti a Dontho. Dzinali analitenga chaka chija mafuta anasowa, pamene ankayendetsa lole ya mkulu wina wa masitolo a simenti ndi malata, amene tonse tinkangomutchula kuti Mwinisitolo. Madalaivala anzawo anagona pamzere wa pampu sabata yathunthu. Iwo anali kutali, atasenza matumba a simenti mazana awiri, thanki itatsala pang'ono kuuma. Ananyamuka basi. Pa mtsetse uliwonse ankachotsa giya n'kuzimitsa injini, lole n'kumatsika yokha ndi kulemera kwake. Ikafika pansi ankalowetsa giya, injini n'kudzuka. Atafika kusitolo, Mwinisitolo anaviika ndodo m'thanki, ndodoyo n'kutuluka itanyowa kansonga kokha.

"Iwe," anatero mkuluyo, "wabwera ndi dontho limodzi!"

Musawaweruze msanga. Malole a masiku amenewo anali zitsulo zokhazokha. Mabuleki ankamvera mwendo wa munthu, chiwongolero chinkamvera mkono, kaya injini ikulira kaya yazima. Chimene anachitacho chinali luso, ndipo anachilipiridwa bwino. Mwinisitolo anawapatsa zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo yaikulu kuti azikhalamo nthawi yonse imene ali pa ntchito. M'menemo ndi mmene mlongo wanga analerera ana atatu, ndipo m'menemo ndi mmene anatsirizikira.

Mwinisitolo atamwalira zonse zinatsala m'manja mwa mwana wake, amene antchito amamutchula kuti Bwana Wamng'ono. Ameneyu anagulitsa malole onse m'chaka chimodzi. A Dontho anawasunga kuti aziyendetsa galimoto ya kunyumba, kupereka ana awiri kusukulu, madamu kokagula zinthu, ndi mwini wake ku ofesi. Kenaka bwanayo anagula galimoto yatsopano. Inali yaing'ono thupi koma yapamwamba, yotukuka pansi, yokoka ndi matayala onse anayi, mipando yachikopa, giya yosintha yokha. Inalibe poika kiyi. Munthu ankangosunga kiyi m'thumba n'kudina batani. Kutsogolo kwa chiwongolero kunali kagalasi kosonyeza manambala, ndipo imodzi mwa manambalawo inkanena makilomita amene galimotoyo ikuyenda pa lita imodzi ya petulo.

Kabuku kochokera kwa ogulitsa kankati makilomita 14. Kagalasi kankati 8.

Ine ndinagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi ku ofesi yoyesa masikelo ndi mapampu a mafuta, choncho nkhani ya miyeso sindichita kufunsa kwa munthu. Alamu atabwera kudzandidandaulira ndinawakhazika pansi ndi kuwafotokozera. Nambala ya m'kabuku amaipeza galimoto ili m'nyumba, matayala akuzungulira pa zitsulo zogudubuzika. Mulibe mphepo, mulibe maenje, mulibe mzere wa pachipata cha sukulu. Galimoto yawo ndi yolemera, imakoka ndi miyendo inayi, ndipo maulendo ake ndi a pafupipafupi, injini isanatenthe n'komwe yafika kale. M'tauni, 8 ndiye chilungamo chake.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo.

"Alamu," anatero, "sukulu yanuyo muzikaphunzitsa ana. Galimoto ndi phazi."

"Phazi lanulo lichepetsa kulemera kwa chitsulo?"

"Inu munayamba mwayendetsapo chiyani? Njinga yomwe munagwa nayo m'ngalande pa ukwati wanga."

Zoona ndinagwa, koma njingayo inalibe mabuleki ndipo mwini wake sanandiuze. Imeneyo ndi nkhani ina.

Bwana Wamng'ono nayenso ankakhulupirira phazi. Madzulo aliwonse galimoto ikalowa kumpanda ankatsegula chitseko, n'kuwerama, n'kujambula kagalasi kaja ndi foni. Sankakalipa. Bola akanakalipa. Ankangowaonetsa chithunzicho ngati dokotala woonetsa wodwala chotupa.

"Madala, buku likuti fotini. Inu mukundipatsa eyiti. Sikisi winayo akupita kuti?"

"Bwana, m'tauni muno timangoima."

"Bambo ankati inu mumayenda ndi dontho. Kapena phazi lakalamba?"

Kumayambiriro kwa mwezi wachitatu chibwerere galimotoyo anawauza poyera. Mwezi ukatha nambala isanafike 14, kiyi apatsa msuweni wa madamu, amene anali atangotenga laisensi. Ndipo popeza zipinda za kuseri kwa sitolo ndi za dalaivala, msuweniyo ndiye adzalowemo. Mawu amenewa anawalankhula ataimirira pakhonde, akudya chipatso, kwa munthu amene anamunyamula kuchokera kuchipatala tsiku limene anabadwa. Sindidzaiwala, ngakhale alamuwo amati ndizisiye.

Mwezi umenewo alamu anasanduka munthu wina. Anatulutsa m'galimoto chilichonse cholemera, zitsulo zomasulira, makapeti, ngakhale ambulera ya madamu. Anapopa matayala mpaka galimoto inkadumpha pa kamwala kalikonse. Choziziritsira m'galimoto anasiya kuyatsa, madamu n'kumafika kokagula zinthu thukuta lili kamukamu, akutukwana. Akakhala okha ankavula nsapato ya kumanja kuti chala chachikulu chizimva bwino poponda. Kuchipata cha sukulu ankafika ola lathunthu nthawi isanakwane kuti apewe mzere, n'kudikira pa dzuwa injini itazima. Anaonda. Malaya awo oyera, amene ankasita okha, anayamba kulendewera m'mapewa.

Nambala inafika 9, n'kukakamira pomwepo.

Lachisanu lomaliza la mwezi, ndikumwa tiyi, ndinamva hutala pachipata. Anali iwo. Bwana anawatuma kukasiya bokosi la mapepala kusitolo ya ku tauni ina, kuseri kwa mapiri, ulendo wa maola awiri ndi theka kupita kokha. Kanali koyamba kuti galimotoyo ituluke m'tauni.

"Valani jekete, alamu. Mukakhale mboni."

"Mboni ya chiyani?"

"Ya miyeso. Si paja ndinu katswiri? Mawa asadzanene kuti ndinasewera ndi mabatani." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma mwanenepa. Mimba imeneyi indidyera kilomita yathunthu."

Tinayamba ndi pampu. Ndinaimirira pambali pa wothira mafuta mpaka thanki inadzaza, ndipo alamu anafufuta nambala yakale kuti iyambirenso. Anavula nsapato, n'kuiika pansi pa mpando.

Popita sitinalankhule zambiri. Mawindo anali otseka chifukwa amati mphepo ikalowa imakoka galimoto m'mbuyo, ndipo m'katimo munali ngati mu uvuni. Pa msewu wosalala nambala inayamba kukwera, 11, 12, mpaka 13. Ndinaona khosi lawo likuwongoka. Titayamba kukwera phiri inatsikanso, ndipo iwo ankaiyang'ana ngati munthu woona mbuzi yake ikumira. Tinasiya bokosi lija, anakana ngakhale madzi akumwa amene wa m'sitolo anatipatsa, tinatembenuka.

Pobwerera, pofika pamwamba pa phiri, kagalasi kankati 13.2. Kuchokera pamenepo msewu umatsika makilomita asanu ndi awiri, wokhotakhota, kumanzere khoma la miyala, kumanja phompho lotchingidwa ndi tizipilala toyera. Dzuwa linali litapendeka pang'ono.

"Yatsala pang'ono," ndinatero. "Ingotsikani bwinobwino, ikwera yokha. Galimoto za masiku ano zikamatsika zili m'giya sizimwa kanthu."

"Injini yolira ikumwa," anayankha. "Chilichonse cholira chikudya."

Ndinawaona akukankha kandodo ka giya kuichotsa. Kenaka chala chawo chinapita pa batani lija n'kukhala pomwepo, chikudinikiza.

"Alamu, mukutani?"

"Gwiritsitsani."

Injini inazima. M'galimoto munangoti zii, kumangomveka matayala ndi kabelu kena kolira pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali ngati ya mnyamata. Ndikhulupirira kuti pa mphindi imeneyo sanali ndi ine, anali pa lole ija ndi simenti yawo.

Pokhota poyamba anaponda buleki, galimoto inamvera. Pokhota pachiwiri anapondanso, inamvera mwaulesi. Ndinaona mikono yawo ikulimbana ndi chiwongolero, mitsempha itatuluka.

"Chalimba bwanji ichi?" anang'ung'udza.

"Yatsani injini."

"Dikirani tifike pakamlatho."

"Yatsani, ndikukuuzani! Mabuleki a galimotoyi mphamvu yake imachokera ku injini!"

Titangotuluka pokhota pachitatu tinaiona. Lole yodzaza njerwa, ikutsika mwakachetechete pa giya yoyamba, liwiro la munthu woyenda pansi. Inali patsogolo pathu mwina mamita mazana awiri. Mbali inayo basi inali ikukwera, yodzaza, utsi uli tolotolo. Pakati panalibe podutsa ngakhale njinga.

Anaponda buleki. Ndinamva phazi likugunda chinthu cholimba ngati mwala. Galimoto sinasinthe liwiro.

Dzanja lawo linagwa pakati pa mipando kufuna chitsulo cha handibuleki, monga linachitira zaka makumi anayi. Linagwira botolo langa la mankhwala. Galimoto imeneyo ilibe chitsulo choterocho.

"Mayo," anatero, motsitsa mawu kwambiri. Sindinawamvepo akunena mawu amenewo, ngakhale pa maliro a mkazi wawo.

Anadina batani. Magetsi a pakagalasi anayaka, injini ayi. Anadinanso, magetsi n'kuzima. Lole ija inali ikukula. Ndinayamba kuona njerwa imodziimodzi, ndi chingwe chabuluu chimene anamangira, ndi nsanza yofiira yolendewera kumbuyo. Wa basi anayamba kuliza hutala osalekeza. Pakagalasi panatuluka mawu a Chingerezi, ndipo ine, ndi magalasi anga otsetsereka ndi thukuta, ndinawawerenga.

"Ikuti pondani buleki podina!"

"Nanga ndikuponda chiyani?"

"Phazi likuterereka! Pondani ndi onse awiri!"

Phazi lopanda nsapato lija linali litanyowa, linkachoka pachitsulo nthawi iliyonse akalimbikira. Anabweretsa la kumanzere, la nsapato, n'kuliika pamwamba pa linzake. Anadzuka pampando, msana utakanikiza chotsamira, thupi lonse lili pa buleki. Galimoto inayamba kuchepetsa, koma pang'ono, mosakwanira.

"Dinani inuyo!" anakuwa. "Manja ali pa chiwongolero!"

Ndinadina. Injini inadzuka, ndipo pomwepo mabuleki anagwira ndi mphamvu yonse ya miyendo iwiri ija. Lamba anandidula pachifuwa, magalasi anathawa kumaso, pansi pa galimoto panamveka kugogoda ngati munthu akumenya chitseko. Basi inadutsa pambali, nkhope zili m'mawindo. Nditakweza mutu, nsanza yofiira ija inali ikukhudza boneti yathu. Kenaka inatalikira, lole ikupitiriza ulendo wake. Dalaivala wake sanadziwe n'komwe kuti kumbuyo kwake kunali anthu.

Alamu anaimika galimoto pamalo otakasuka, anatuluka, n'kukakhala pa kachipilala koyera. Chala chachikulu chinali chikutuluka magazi, nsapato yawo yomwe itachiponda. Ine ndinafufuza magalasi pansi pa mpando, ndipo nditawapeza chinthu choyamba chimene ndinayang'ana chinali kagalasi kaja. Ntchito ya zaka zambiri siichoka m'magazi. Kankati 13.2. Kuzimitsa konse kuja sikunawonjezere kanthu.

Ndinatuluka ndili ndi mawu ambiri okonzeka, ndipo ena ndinawanena. Ndinawatchula chitsiru chokalamba. Ndinawafunsa ngati anandiitana kudzakhala mboni kapena mtembo. Iwo ankangoyang'ana manja awo pamaondo.

"Valani nsapato," ndinatero pomaliza. "Tizipita."

Mtsetse wotsalawo anatsika galimoto ili m'giya, injini ikulira, pang'onopang'ono ngati akunyamula mazira. Ndipo monga ndinanenera, nambala inakwera yokha. Pakamlatho inali 13.8. Pa chigwa inafika 14.4. Mzere wa m'tauni unadyako pang'ono, ndipo polowa kumpanda kwa bwana inali 14.1. Ndinawauza kawiri m'njira kuti nambalayo yabwera chifukwa cha msewu wautali, osati chifukwa cha misala ya paphiri. Ankangogwedeza mutu ngati munthu amene akumva wailesi ya kwa aneba.

Bwana Wamng'ono anatuluka foni ili kale m'manja. Ine anangondiponyera diso. Anatsegula chitseko, anawerama, anajambula. Anaimirira akumwetulira.

"Mwaona, madala? Fotini. Ndiye kuti mumatha." Kumwetulira kuja kunachepa. "Ndiye kutinso miyezi yonseyi mumandichitira dala."

"Ayi, bwana."

"Zapita zimenezo, sindisunga mangawa. Ntchito ndi yanu, nyumba ndi yanu. Koma kuyambira Lolemba ndikufuna fotini yemweyu tsiku lililonse. Ana kusukulu, madamu, ine. Zoti m'tauni timangoima sindikufunanso kuzimva."

Msewu wa kusukulu ya anawo uli ndi mtsetse wake, wautali ndithu, ndipo pansi pake pali mphambano pamene anthu amaoloka. Ndinaona alamu akuyang'ana kukhonde, kumene zikwama ziwiri za sukulu zinali zitatayidwa pafupi ndi chitseko.

Anavula chipewa.

"Bwana, nambala imeneyo ndaipeza pozimitsa injini paphiri. Mabuleki anafa. Tinatsala pang'ono kulowa pansi pa lole ya njerwa, ine ndi alamu angawa."

Bwana anayang'ana galimoto yake.

"Mwazimitsa galimoto yanga ikuyenda?"

"Inde."

"Mukudziwa kuti giyabokosi yake kuno kulibe? Mukudziwa kuti ikafa ndiyenera kuitanitsa kunja?" Anazungulira galimoto, akugwiragwira boneti, akuwerama kuyang'ana pansi. Sanafunse ngati wina wavulala. Magazi anali akuonekera pa sokosi ya mkuluyo, koma iye ankayang'ana penti.

Apa ndinalephera kupirira.

"Mwana iwe," ndinatero, "nonse awiri mukulakwitsa. Kuzimitsako sikunathandize kanthu, ndinaona ndi maso anga. Galimotoyi pa msewu wautali ipereka fotini, m'tauni ipereka eyiti, ayendetse ndani kaya ndani. Mwamuzunza munthuyu miyezi itatu chifukwa cha kabuku kolembedwa ndi ogulitsa."

"Agogo, inu ndinu ndani pano?"

"Ndine amene ndinkayesa sikelo ya bambo ako iwe uli m'matewera. Ndipo bambo akowo, akafuna kudziwa za mafuta, ankaviika ndodo m'thanki, osati kujambula zithunzi."

"Alamu," anatero a Dontho, "basi."

"Sindinamalize."

"Mwamaliza. Pano ndi pantchito panga."

Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi, namuika pa boneti mosamala kuti asakande penti. Bwana anayang'ana kiyiyo, kenaka iwo.

"Ine sindinakuchotseni. Ndanena kuti ntchito ndi yanu."

"Mwanena kuti fotini."

"Ndiye vuto lili pati? Mupeze fotini osazimitsa."

"Sindingathe, bwana. Zipinda ndichokamo Lachitatu. Ndikupempha masiku amenewo okha, katundu wa malemu ndi wambiri."

Bwana anatola kiyi uja. Ndinadikira kuti anene kanthu kena, mawu amodzi okha oyenera zaka makumi anayi. Anayang'ana foni yake.

"Lachitatu," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Tinatuluka pachipata wapansi. Iwo ankatsimphina. Mpaka pokwerera minibasi ndi mtunda ndithu, ndipo theka la mtundawo ndinalankhula ndekha. Ndinali wokwiya ndi bwana, ndi olemba kabuku, ndi madamu ndi msuweni wawo, koma koposa onse ndinali wokwiya ndi munthu amene ankatsimphina pambali pangayo. Anali atapambana. Nyumba inali yawo. Akanangotseka pakamwa, Lolemba nambala ikanabwerera pa 8, ine ndikanabwera ndi mapepala, tikanakambirana ngati anthu, mwina mwana uja akanamva. Panalibe amene anawafunsa za paphiri. Ine sindikanaulula.

Panopa akukhala kwanga, m'chipinda chimene ndinkasungiramo mabuku. Makatoni a mlongo wanga adzaza pakhonde. Amadzuka m'mamawa, amasita malaya oyera, n'kukhala panja kuyang'ana msewu. Timakangana tsiku lililonse, ndipo mpaka lero sanavomere kuti injini yolira ikhoza kutsika phiri osamwa mafuta. Koma pali funso limodzi limene sindinawafunsenso, chifukwa anandiyankha tsiku lomwelo, tili pafupi kufika pokwerera minibasi.

"Bwanji simunangokhala chete?" ndinawafunsa. "Nyumba mwaitaya chifukwa cha pakamwa."

Anaima, natsamira mtengo wa magetsi kuti apumitse phazi.

"Alamu, inu mumadziwa miyeso, ine ndimadzidziwa ndekha. Lolemba ikanati eyiti. Lachiwiri eyiti. Akanayambanso zithunzi zija." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Pofika Lachisanu ndikanazimitsanso. Ana ali kumbuyo."